Napolo wa ku Michesi ndi zilombo zobadwira pa foni

Aliyense amene adayendapo kunsi kwa phiri la Michesi ku Phalombe amaidziwa miyala ija. Ili m'minda ya anthu, ina yotalika kuposa munthu woimirira, yangoti duu pakati pa mizere ya chimanga ndi nandolo, kutali ndithu ndi phiri limene idachokera. Khasu limailambalala, mbuzi zimakwerapo, ana amabisalirana kuseri kwake. Mukamufunsa mwini munda kuti mwalawu udafika bwanji pano, sachedwa kuyankha: adausiya Napolo. Koma tamufunsani kuti Napoloyo amaoneka bwanji. Apa ndiye mayankho amabalalika. Wina akuuzani kuti ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri. Wina akuti chili ndi mitu yambiri. Wina akukanirani kuti palibe adachionapo n'kutsala wamoyo, chimene anthu amamva ndi mkokomo basi, wochokera mkati mwa nthaka. Onsewa ndi a mudzi umodzi, ndipo sakangana.

Tsono pali zilombo zina zosapezeka m'tchire zimene zafala zaka zapitazi, ndipo zayamba kufika m'manja mwa ana athu kudzera pa foni. Achinyamata odziwa kujambula amazipeka okha, n'kuzipatsa dzina, maonekedwe, dziko lokhalamo ndi malamulo, kenako n'kuitana anzawo a m'maiko ena kuti aliyense ajambule chake cha mtundu womwewo. Napolo ndi zilombo zojambulazi amafanana pa chimodzi: thupi lawo lidaumbidwa ndi maganizo a anthu, ndipo zimakhala ndi moyo chifukwa gulu lavomera kuzisunga. Koma mabadwidwe ake, umwini wake ndi ntchito yake n'zosiyana kwambiri. Ndikuona kuti mnyamata kapena mtsikana wa ku Migowi kapena ku Chiringa amene akufuna kupeka chilombo chake ayenera kuziika ziwirizi pamodzi n'kuziyang'anitsitsa asanagwire pensulo.

Ndiyambe ndi zachilendozo, poti ambiri sitidazizolowere. Malo oonetserapo zojambula a DeviantArt adatsegulidwa pa intaneti m'chaka cha 2000, ndipo m'zaka zotsatira mudakula mwambo wopeka mtundu wathunthu wa zilombo, osati chilombo chimodzi chokha. Wojambula sajambula galu mmodzi wamapiko n'kulekera pomwepo. Amakhala pansi n'kunena kuti mtundu wanga uli ndi miyendo inayi, makutu aatali ogwera kumbuyo, ndi mchira umene kunsonga kwake kumamera duwa. Umabadwa m'mazira, ulibe mano. Amajambula chithunzi chotsogolera choonetsa chilombocho kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo, ndi timivi toloza chiwalo chilichonse. Pambali amalemba mndandanda wa zizindikiro: izi n'zofala, chilombo chilichonse chingakhale nazo, izi n'zosowa, izi n'zosowetsetsa, monga nyanga zinayi kapena diso lachitatu. Akatha apo amasankha ngati mtunduwo ukhale wotsekula kapena wotseka. Ukakhala wotsekula, aliyense ali ndi ufulu wojambula chake, bola atsate malamulo. Ukakhala wotseka, umene eni ake amati closed species, sungajambule chako popanda chilolezo cha mwini. Chilolezocho umagula ndi ndalama, kapena umachipata pa mpikisano, apo ayi umagula chilombo chojambulidwa kale, chimene amati adoptable. Chilombo chilichonse chovomerezeka chimalowa m'kaundula ndi nambala yake ndi dzina la mwini wake, ndipo chikagulitsidwa kaundulayo amasinthidwa. Malo ena, monga Toyhouse, ntchito yake yaikulu ndi kusunga zilombo zotere pamodzi ndi mbiri ya manja amene zadutsamo.

Mitundu ina yakula mpaka kudziwika m'maiko ambiri. Protogen ndi chilombo chaubweya chokhala ndi galasi lowala m'malo mwa nkhope, mbali ina nyama mbali ina makina. Sergal, wopekedwa ndi wojambula wa ku Japan, amadziwika ndi mutu wake wosongoka. Kumbuyo kwa zonsezi kuli Pokémon, masewero a ku Japan amene adatuluka mu 1996 ndi zilombo 151. Satoshi Tajiri, amene adawayambitsa, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo touluka ndi tokwawa m'tchire la kwawo kufupi ndi Tokyo, ndipo tchirelo litamezedwa ndi nyumba ndi misewu adafuna kuti ana a m'tauni alaweko kukoma kosaka ndi kusonkhanitsa.

Ine zimenezi ndidazionera pafupi pa foni ya mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3. Foniyo ndi yotsika mtengo, galasi lake lidang'aluka pakona, ndipo amakaitchajitsa pamsika. Alibe cholembera chapadera chimene anzake akunja amajambulira. Iye amajambula ndi chala pa pulogalamu ya ibisPaint: amakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka diso la chilombo lidzaze galasi lonse, n'kuika kadontho koyera m'mbali mwa disolo kuti lioneke lonyowa, kenako n'kuchepetsanso kuti aone ngati zakhala. Mizere amaiika pa tsamba lake, utoto pa tsamba lina lapansi, mthunzi pa lachitatu, kotero kuti akalakwitsa mthunzi safufuta zonse. Chilombo chake chidali ndi thupi la nkhandwe, mapiko a nthenga, ubweya wochindikala wabuluu m'khosi, ndi nyanga zoyera mbuu za madzi oundana. Kunena zoona chidali chokongola, ndipo dzanja limenelo silidaphunzitsidwe m'kalasi. Adaphunzira kwa anzake amene sadawaonepo ndi maso, omwe amamuuza mosabisa mawu kuti mwendo wakumbuyo wapindikira kolakwika, kapena kuti phiko lotere silingamere pamenepo popanda fupa loligwira.

Ndidamufunsa kuti, "Iwe, chimenechi chimadya chiyani?"

"Amalume, zimenezo sindinaganize."

"Nanga ubweya wonsewu, mwezi wa Okutobala kuno chipuma bwanji?"

Adaseka, nati kwawo kwa chilombocho n'kozizira. Ndidafunsa kuti kwawoko n'kuti. Anganga ake, amene ankatongola chimanga pakhonde osaoneka ngati akumvetsera, ndiwo adayankha: "Chopanda kwawo chimenecho. N'chidole." Mtsikanayo zidamuwawa, ndipo ine ndikuona kuti angangawo adaweruza mofulumira. Komabe adagunda pamene pali kusiyana kwenikweni.

Napolo ali ndi kwawo, ali ndi njira, ali ndi nyengo. Mu Disembala 1946 mvula yamphamvu idagwa pa phiri la Zomba, nthaka idagumuka, mitsinje yotsika m'phirimo idasefukira n'kukokolola milatho, nyumba ndi anthu m'tauni imene pa nthawiyo idali likulu la Nyasaland. Anthu adati Napolo wadutsa, ndipo oimba a Paseli Brothers adapeka nyimbo ya dzina lomwelo imene idamveka kwa zaka zambiri. Pa 10 Malichi 1991 tsoka lidagwera Phalombe. Michesi adagumuka malo ambirimbiri, matope osakanikirana ndi miyala ndi mitengo adatsika m'mitsinje n'kusesa midzi, minda ndi milatho. Anthu mazanamazana adafa, ambiri mitembo yawo sidapezeke, ndipo masauzande adatsala opanda pogona. Nthawi imeneyo Phalombe adali mbali ya boma la Mulanje; adadzaima payekha mu 1998. Ngozi imeneyi ndiyo idachititsa kuti chaka chomwecho cha 1991 Malawi akhazikitse lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndiyeno mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene adabadwira kufupi ndi Australia n'kuyenda pa nyanja yamchere ya India kwa masiku oposa 30, adakhuthula mvula pa mapiri a kummwera. Soche adagumukira anthu a ku Chilobwe mu Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje adalira maliro, ndipo ku Phalombe dera la Nkhulambe lidakwiririka ndi miyala ndi mchenga. Omwalira ndi osowa m'dziko lonse adaposa 1,000. Wailesi inkati Freddy, koma m'midzi ya kunsi kwa phiri akuluakulu ankati Napolo wabweranso.

Titati timulembere Napolo chithunzi chotsogolera monga amachitira ana a pa intaneti, mbali ya maonekedwe ingakhale pafupifupi yopanda kanthu, chifukwa za mitu, khungu ndi kutalika kwake anthu sagwirizana. Koma mbali ya khalidwe ingadzaze tsamba. Amasamuka nthawi ya dzinja, makamaka mvula ikagwa usana ndi usiku osalekeza. Amatsika, sakwera. Amatsata zigwa ndi mitsinje kulowera ku nyanja ya Chilwa. Asanafike kumamveka mkokomo, ndipo madzi a mumtsinje amasanduka matope. Akadutsa amasiya chipsera pa phiri chimene chimaonekera kutali kwa zaka zambiri. Ndipo pamene adadutsa kale akhoza kudzadutsanso.

Tsono mverani akatswiri a miyala ndi nthaka. Iwo amati phiri ngati Michesi ndi thanthwe lolimba lokutidwa ndi dothi losazama pamalo otsetsereka kwambiri. Mvula ikapitirira, dothilo limakhuta madzi, limalemera, n'kuterereka pamwamba pa thanthwe. Likagwera mumtsinje limatha kuutseka kwa kanthawi, madzi kunsi n'kuphwa modabwitsa. Chotsekacho chikaphulika, zonse zimatsika pamodzi, ndipo matope okhuthala chonchi amanyamula miyala imene madzi okha sangaisunthe. Mkokomo uja ndi miyala ikugundana. Kupatula za chinjokacho, palibe mfundo ya khalidwe la Napolo imene akatswiriwa angaitsutse. Makolo adaonetsetsa chinthu choopsa kwa mibadwo yambiri, nachisonkhanitsa m'thupi limodzi lokhala ndi dzina, kuti ngakhale mwana wa zaka zisanu achimve ndi kuchikumbukira. Thupilo adalisiya losamalizidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake likuopsabe mpaka lero: aliyense amalimaliza yekha ndi mantha ake.

Zilombo za pa foni zimayambira kunja. Choyamba ndi chooneka: mtundu wa ubweya, kutalika kwa khutu, kuwala kwa diso. N'zomveka, chifukwa pa galasi diso ndilo limagula, ndipo chilombo chiyenera kuzindikirika msanga pakati pa zinzake zosawerengeka, ngakhale chitajambulidwa ndi manja a anthu osiyanasiyana. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo kwa Napolo kulibe. Uzani ana a pulaimale kuti amujambule, mupeza njoka zosafanana, zambiri zotengera zinjoka za m'mafilimu a ku China. Wopeka mtundu wabwino amadziwa kuti zizindikiro ziwiri kapena zitatu zokha n'zimene zimagwira mtundu wonse, ndi kuti chilombo chake chitapakidwa utoto wakuda chonse n'kutsala mthunzi wokha, chiyenera kudziwikabe. Koma ambiri amalekera pomwepa. Za kumene chilombo chimakhala ndi chimene chimachita amazilemba pomaliza, ndime imodzi, mongokwaniritsa mwambo.

Akatswiri enieni a ntchitoyi satero. Dougal Dixon, wa ku Scotland, amene adaphunzira za miyala ndi zamoyo zakale, adatulutsa buku la After Man mu 1981, momwe adapeka nyama zimene zingadzakhale padziko patapita zaka 50 miliyoni anthu atatha. Nyama iliyonse adaiyambira pa funso. Zikatha nyama zikuluzikulu zodya udzu, ndani adzadye udzuwo? Adati akalulu, nawatalikitsa miyendo ndi makosi. Ikatha mikango ndi mimbulu, ndani adzasake? Adati makoswe, nawakulitsa thupi ndi mano. Chiwalo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Naye Tajiri zilombo zake zidamera pa tchire lenileni limene adalitaya. Anthu awiriwa adayamba mmene makolo a ku Michesi adayambira, poyang'anitsitsa dziko limene akulidziwa, kenako adachita chimene makolowo sadachite, chomwe ndi kumaliza thupi.

Nkhani ya umwini ndiyo ili ndi minga. Mtundu wotseka uli ndi mwini mmodzi, ndipo mikangano yake siitha. Wina akajambula chilombo cha mchira wa duwa, mwini mtundu amati wandibera. Winayo amati maluwa ndi michira sizidayambe ndi iwe. Malamulo a umwini wa zaluso m'maiko ambiri amateteza chithunzi chimene munthu wajambula, osati ganizo lakuti nyama ikhale ndi duwa kumchira. Choncho mpanda wa mtundu wotseka suimira pa khoti koma pa mgwirizano wa gulu: wophwanya lamulo amachotsedwa, chilombo chake chimafufutidwa m'kaundula, anzake amamusala. Anthu ena amanyoza mchitidwewu kuti ndi malonda a mphepo. Ine sindiunyoza. Wojambula amene wathera miyezi akukonza mtundu, kuyankha mafunso, kuyendetsa mipikisano ndi kusunga kaundula wagwira ntchito, ndipo thukuta lake liyenera kumudyetsa. M'dziko lathu lino, momwe wojambula amalemba chikwangwani cha golosale tsiku lonse n'kupatsidwa ya sopo, njira iliyonse yophunzitsa anthu kulipira luso ndimailemekeza. Chimene chimandipweteka n'chakuti mitengo yake ndi ya madola, ndipo mwana wa ku Phalombe, amene bandulo ya sabata imodzi ndi nkhani yokambirana pabanja, amangoima kunja kwa mpandawo n'kumasuzumira.

Napolo alibe mpanda. A Paseli sadafunikire chilolezo cha munthu kuti amuimbe. Steve Chimombo, mlembi ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College amene adamwalira mu 2015, adamutenga Napolo n'kuyenda naye zaka zambiri za moyo wake: Napolo Poems mu 1987, Napolo and the Python mu 1994, ndi buku la nkhani yaitali la The Wrath of Napolo mu 2000. M'manja mwake chilombocho chidasanduka njira yonenera za mphamvu zimene zimagwetsa anthu popanda kufunsa, kuyambira m'nthawi ya chipani chimodzi pamene kutchula zinthu ndi maina ake enieni kunkalowetsa m'ndende. Ngakhale kampani ina yofulula mowa wamasese idatengapo dzinali. Lamulo la Malawi la umwini wa zaluso, la mu 2016, limaika nthano ndi zina za chikhalidwe m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, kotero palibe munthu mmodzi angadzuke n'kunena kuti Napolo ndi wanga.

Komabe kusowa mpanda sikutanthauza kusowa eni. Eni ake a Napolo ndi amene adafukula abale awo m'matope ndi makasu, ndi amene sadawapeze n'komwe n'kulira maliro opanda manda. Wojambula akhoza kumujambula, ndipo ine ndikufuna atero. Koma akamusandutsa kachilombo ka maso aakulu okongola, n'kumugawa m'magulu a wofala ndi wosowa, n'kumugulitsa kwa munthu wa ku Texas, adzakhala atachita chinthu chimene amayi a ku Nkhulambe sangachimvetse, ndipo ine ndidzakhala kumbali ya amayiwo.

Ku Zambezi zofanana ndi izi zidachitika kale. Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Atonga, adamveka kutali pamene madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 adasokoneza ntchito yomanga damu la Kariba, damu limene lidasamutsa Atonga oposa 50,000. Lero ali ndi maonekedwe amodzi odziwika, thupi la njoka lopotana ndi mutu wa nsomba, ndipo amasemedwa pa ndodo ndi pa mikanda yogulitsa kwa alendo ku Kariba ndi ku Victoria Falls. Osema amapeza chakudya, dzina lafika patali, ndipo zimenezi si zazing'ono. Koma mlendo amene wavala Nyaminyami m'khosi kawirikawiri amadziwa mutu wa nsombawo, osati midzi imene ili pansi pa madzi.

Tisaganize kuti zilombo zokhala ndi eni ndi malamulo n'zachilendo kwa ife. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ali ndi eni ake, ndipo wosameta sayandikira dambwe. Kasiyamaliro, Chimkoko ndi Njovu ali ndi maonekedwe odziwika, nthawi yake yotulukira ndi nyimbo zake, ndipo zilombo zatsopano zimabadwabe, monga mmene Simoni ndi Maliya adabadwira azungu ndi amishoni atafika. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 amasunga nkhope zotere mazanamazana. M'gule ameneyu ziwiri zija zili pamodzi: thupi lomalizidwa bwino, ndi ntchito yomveka pa maliro, pa chinamwali ndi podzudzula makhalidwe oipa. Ku Phalombe, kumene ambiri ndi Alhomwe ovina Tchopa, guleyu si wa pakhomo, koma wojambula wofuna kuona mmene chilombo chimapatsidwira thupi ndi ntchito nthawi imodzi safunika kukafuna kutsidya kwa nyanja.

Pali mbali imene Napolo amalephera, ndipo ndi yolemera kuposa zonse zimene ndatchulazi. Chilombo cha pa foni chikalakwika palibe amafa. Napolo akamveka molakwika anthu amafa. Dzina limene limachenjeza ndi lomwelo limene limatha kugonetsa: ngati ndi chinjoka chosamuka pa nthawi yake, ine ndingatani? Munthu amamanganso m'chigwa chomwe chija, kawirikawiri osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa malo ena alibe, m'boma la anthu oposa 400,000 lopanikizika pakati pa phiri ndi dambo la Chilwa. Ndiponso dzinali silifunsa za nkhwangwa. Mitengo ya m'mbali mwa Michesi ndi Mulanje ikutha ndi makala, nkhuni ndi minda yokwera m'phiri; mkungudza, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu pamwamba pa Mulanje. N'zoona kuti phiri limagumuka ngakhale lili ndi nkhalango, mvula ikakula mokwanira. Koma pamene mizu yachoka dothi limagonja msanga, ndipo madzi amathamanga kwambiri. M'nthano yakale mulibe malo a wootcha makala, mulibenso malo a nyanja zamchere zimene zikutentha n'kumaonjezera mvula ya anamondwe. Apa ndiye ndimasirira mwambo wa ana a pa intaneti, chifukwa iwo mtundu wawo amaukonzanso poyera. Mwini amalengeza kuti lamulo ili lasintha, chizindikiro ichi chaonjezedwa, ndipo gulu limakambirana tsiku lomwelo. Napolo alibe womukonza wotere. Amasintha pang'onopang'ono, pakamwa ndi pakamwa, pamene nyengo ikusintha mothamanga.

Nanga wojambula wachinyamata wa ku Phalombe atenge chiyani? Luso la mizere, chithunzi chotsogolera, kaundula ndi kulimba mtima kotchula mtengo wa ntchito yake atenge kwa anzake a pa intaneti, poti kumeneko ndiko kuli zimenezo. Koma nkhandwe zabuluu za m'chipale chofewa zilipo kale zambirimbiri, ndipo makina ojambula okha amene afala kuyambira mu 2022 amazilavula m'kanthawi kochepa. Chimene mwana wa ku Ohio alibe ndi Chilwa: nyanja yopanda mtsinje wotulukira, imene idauma mu 1968 ndi mu 1995 n'kudzabweranso, momwe asodzi amamanga zimbowera pa zomera zoyandama, momwe milamba imathawira m'matope ndi m'mathamanda a mitsinje kudikira mvula. Alibe nanzikambe wa m'nkhalango za Mulanje amene sapezeka kwina kulikonse padziko. Alibe ngaka yodzipinda m'mamba ake, alibenso nkhani za mizimu ya m'phiri la Mulanje yosiyira woyenda chakudya panjira chimene ayenera kudya osaitana mnzake. Chilombo chopekedwa kuchokera mmenemu chingakhale ndi yankho pa funso lililonse: chimadya matemba, chimagona m'matope nyanja ikauma, mapazi ake ndi otambalala chifukwa chimayenda pa zoyandama, chimakwera kumtunda madzi akadzaza dambo. Chimenecho n'chake. Achitseke kapena achitsekule monga afunira, ndipo agulitse wogula akapezeka.

Za Napolo mwini ntchito yake ndi ina, ndipo ikudikira ojambula. Makomiti a m'midzi oona za ngozi amafunika mapu osonyeza kumene madzi ndi matope zidadutsa mu 1991 ndi mu 2023, kumene kuli malo okwera othawirako, ndi njira yofikira kumeneko usiku. Akuluakulu amene adaona ngozi ya mu 1991 ndi maso awo akadalipo, koma akutha. Mtsikana wodziwa kuika mizere pa tsamba lina ndi utoto pa lina akhoza kukhala nawo pansi, iwo akuloza iye akujambula: apa padali nyumba za akuti, apa mtsinje udasiya njira yake n'kudula m'munda, apa pali chitunda chimene anthu adapulumukirapo. Pa mapu otere safunika kusankha kuti mitu ikhale ingati. Akufunika kujambula njira molondola, kulemba maina a midzi ndi mitsinje monga eni ake amaitchulira, ndi kupanga makope okwanira kupachika pa sukulu, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa chigayo mvula ya Disembala isanayambe.